Gemu Yokwera pa Sikelo: Mbiri ya Rating mu Chess

Anzanga a mu kalabu, ndi nonse amene mumatiwerenga pa tsamba lino, gawo la mbiri mwezi uno lapita ku chess. Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti bwanji osalemba za Maule ndi Manoma. Dekhani, Flames itulukira kutsogoloku.

Osewera chess awiri akakumana koyamba pa mpikisano, asanafunsane n'zakumudzi zomwe, funso limakhala limodzi: "Rating yanu ndi zingati?" Rating ndi nambala imene imalembedwa pambali pa dzina la wosewera. Imasonyeza mphamvu zake potengera magemu amene wawina, waluza kapena wafanana mphamvu ndi anthu ena amene nawonso ali ndi nambala zawo. Kuno ku Thyolo ambirife funso limeneli tilibe nalo yankho. Kusewera timasewera ndithu, pakhonde, kuseri kwa kalasi, pa foni mpaka batire kutha, koma magemu onsewo salembedwa paliponse. Aliyense wokulira pa esiteti akudziwa tanthauzo la zimenezi. Masamba amene sanakwere pa sikelo, kalaliki n'kuwalemba m'buku, ali ngati sanathyoledwe. Ulumbire motani kuti dengu linadzaza kasanu, tsiku la malipiro chimayankhula ndi buku. Ndiye nkhani yanga ndi ya sikelo ya chess: anaipanga ndani, panatenga zaka zingati kuti munthu wamba aloledwe kukwerapo, ndipo inafika bwanji kuno kwathu.

Chess payokha ndi yakale kwambiri, ndipo apa ndingodutsa mothamanga. Inayambira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, inalowa ku Persia, Aluya anaitenga n'kukafika nayo ku Spain, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi pamene mfumukazi inapatsidwa mphamvu zoyenda bolodi yonse monga tikuidziwira lero. Zaka zonsezo katswiri ankadziwika ndi pakamwa, ngati mmene zilili ndi bawo. Pa Bvumbwe aliyense amamudziwa mdala amene sagonja, pa Luchenza aliponso wawo. Koma tafunsani kuti pa awiriwo wamkulu ndani, mkangano wake dzuwa lilowa usanathe.

Mpikisano woyamba wa mayiko osiyanasiyana unachitikira ku London mu 1851, ndipo anawina ndi Adolf Anderssen, mphunzitsi wa masamu wa ku Breslau. Wotchi panalibe. Munthu ankatha kuyang'ana bolodi mmene wafunira, mnzake ali phee kudikira, moti Howard Staunton, amene anakonza mpikisanowo, anadandaula kwambiri ndi kuchedwa kwa Elijah Williams. Pambuyo pake anayesa timabotolo ta mchenga, kenako mu 1883, ku London komweko, anabweretsa wotchi ya nkhope ziwiri, yoti wina akasewera n'kuipendeketsa, nthawi ya mnzake imayamba kuyenda. Nthawi inayamba kuyezedwa, koma mphamvu za munthu zinali zisanapeze sikelo.

Mu 1923 Maclean Kay anayamba esiteti ya Satemwa kunoko. Chaka chotsatira, makolo athu ali kalikiliki m'minda ya azungu pansi pa thangata, ku Paris kunali masewero a Olympics. Masiku amenewo Olympics inkalola ma amateur okha, kutanthauza anthu amene masewero si ntchito yawo yodyera. Chess sinalowe m'ndandanda wa Olympics, koma okonda chess anakonza mpikisano wawo pambali mumzinda womwewo, ndipo pa 20 July 1924 anakhazikitsa FIDE, bungwe limene likuyendetsa chess padziko lonse mpaka lero. N'chifukwa chake 20 July ndi tsiku lokumbukira chess. Amene anawina mpikisano wa ku Paris, Hermanis Matisons wa ku Latvia, anatchedwa katswiri wa ma amateur padziko lonse. Musamuderere poti amateur. Mu 1931 ku Prague munthu yemweyu anagonjetsa Alexander Alekhine, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse.

Mpikisano wachiwiri wa ma amateur unali ku The Hague mu 1928, ndipo anawina ndi Max Euwe wa ku Netherlands. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, uyu ndi amene ndimamukonda. Anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya atsikana ku Amsterdam, ndipo chess ankaisewera kwambiri sukulu ikatsekera. Mu 1935 anakhala pansi ndi Alekhine yemwe uja, munthu amene moyo wake wonse unali chess basi, kulimbirana ukatswiri wa dziko lonse pa magemu 30. Ambiri ankaona ngati sala akungokaperekeza. Kumayambiriro analidi m'mbuyo, koma anabweza pang'onopang'ono, ndipo pomaliza Euwe anali ndi mapointi 15.5, Alekhine 14.5. Mu 1937 Alekhine anabwezera n'kutenganso udindo wake, inde, koma kwa zaka ziwiri katswiri wa dziko lonse anali munthu wa choko m'manja.

Mpikisano wa ma amateur unathera pa 1928 pomwepo, ndipo sunachitikenso mpaka 1996. Vuto linali loti amateur ndi ndani. Munthu wolemba za chess m'nyuzipepala n'kumalipidwa, timuika kuti? Nanga amene wawina mphoto ya ndalama kamodzi? Kusecha m'matumba mwa anthu kunali kovuta, ndiye FIDE inangosiya kusiyanitsa. Chimene chinadzathetsa mkanganowu ndi masamu.

Arpad Elo anabadwira ku Hungary mu 1903, anasamukira ku America ali mwana, ndipo anadzakhala mphunzitsi wa physics pa yunivesite ya Marquette ku Milwaukee. Nayenso anali amateur, ngakhale wamphamvu, poti anawina ukatswiri wa dera la Wisconsin kasanu ndi katatu. Bungwe la chess la ku America linali ndi njira yakeyake yoperekera manambala kuyambira 1950, yopangidwa ndi Kenneth Harkness, koma inkatulutsa zotsatira zina zosamveka. Elo anaikonza, ndipo bungwelo linayamba kutsata njira yake mu 1960. FIDE inaivomereza mu 1970, chaka chimene Max Euwe, sala uja, anasankhidwa kukhala pulezidenti wa FIDE. Pa mndandanda wa 1971 pamwamba panali Bobby Fischer ndi 2760.

Nzeru ya Elo ndi yosavuta kuimva. Gemu isanayambe, sikelo imalosera kale potengera kusiyana kwa manambala a anthu awiriwo. Mukafanana, aliyense akuyembekezeka kutenga theka. Wina akakuposa ndi 200, iye akuyembekezeka kutenga mapointi 76 pa 100 aliwonse, iwe 24. Gemu ikatha, amaona ngati wachita zoposa kapena zochepera pa zimene sikelo inalosera, ndipo nambala yako imakwera kapena kutsika molingana ndi kusiyanako. Kugonjetsa munthu wofooka kumakupatsa zochepa. Kugwetsa chimphona kumakukweza kwambiri, ndipo zimene wapeza iwe, chimphonacho chataya. A mpira inu, apa ndi pamene ndinakulonjezani: kuyambira 2018 FIFA imagwiritsa ntchito masamu a Elo omwewa posanja matimu a mayiko. Mukamamva pa wailesi kuti Flames yakwera kapena yatsika pa mndandanda wa FIFA, dziwani kuti sikelo yake ndi ya mphunzitsi wa ku Milwaukee, yopangidwira chess.

Koma sikeloyi poyamba sinali ya aliyense, ndipo apa ndi pamene ambiri sadziwa. Mndandanda wa FIDE wa amuna unkayambira pa 2200. Wosafika pamenepo analibe nambala n'komwe, ngakhale atasewera zaka makumi awiri. 2200 si masewera, anzanga. Ndi pamene lero amaperekera udindo wa Candidate Master. FIDE Master ndi 2300, International Master 2400, Grandmaster 2500, ndipo nambala yaikulu imene munthu anafikapo ndi 2882 ya Magnus Carlsen mu 2014. Ndiye kwa zaka zoposa makumi awiri gemu ya anthu wamba awiri FIDE sinkaiwerenga. Mu 1993 malirewo anatsitsidwa kufika pa 2000, kenako anapitiriza kutsika pang'onopang'ono mpaka pa 1000 mu 2012. Kunena zoona, mwayi woti mwana wa Fomu 2 akhale m'buku limodzi ndi Carlsen ndi wa dzulodzuloli, ambirife tinali titabadwa kale. Ndipo rating itafika kwa anthu wamba, funso lija loti amateur ndi ndani linapeza yankho. Lero pa mpikisano wa ma amateur sakufunsa kumene umapeza ndalama. Amangoona nambala: pali gulu la osafika 2300, la osafika 2000, ndi la osafika 1700.

Tiyeni tione chimene chimakhala pa bolodi anthu awiri otere akakumana. Titenge wina wa 1600 ndi wina wa 1800, onse akuluakulu, wina mwina ndi namwino, wina amagulitsa mayunitsi. Kwa anthu ngati amenewa FIDE imachulukitsa kusiyana kuja ndi 20. Wa 1600 akawina, amapeza mapointi 15 ndi kanyenyeswa, wa 1800 n'kutaya omwewo. Akafanana mphamvu, wa 1600 amakwerabe ndi 5. Akaluza, amangotaya 5. Mwaona mmene zilili? Onse akhala pa bolodi imodzi, zida zofanana, nthawi yofanana, koma katundu asenza wosiyana. Wamng'onoyo ali ndi zochepa zoti ataye, ndipo draw kwa iye ndi phindu. Wamkuluyo draw imamudya, ndiye amakakamizika kufunafuna chipambano ngakhale pamene bolodi ikunena kuti palibe, ndipo pofunafunapo ndi pamene ambiri amatayira hatchi kapena kusiya mfumu pambalambanda. Wa 1600 uja akakhala kuti sanakwane zaka 18, pa iye amachulukitsa ndi 40, ndiye kuwina kumodzi kumamukweza ndi 30. Ichi n'chifukwa chake madala ambiri sakondwa akaona kuti awaika ndi kamwana kovala yunifolomu.

Malamulo akenso si a pakhonde. Ukagwira chida, uyenera kuchisewera, palibe zoti "pepa aise, ndimangokonza" utachinyamula kale. Move iliyonse umailemba pa pepala, yako ndi ya mnzako, ndipo pomaliza nonse mumasaina. Nthawi yako ikatha pa wotchi waluza, ngakhale utatsala ndi mfumukazi ziwiri, bola mnzakoyo akhale ndi zida zoti n'kuthera nazo gemu. Foni ndiye musayerekeze. Mu 2003 ku Plovdiv, Ruslan Ponomariov, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse wa FIDE, anamuluzitsa gemu chifukwa foni yake inalira ali pa bolodi. Linali tsiku lake lobadwa. Ena mu kalabu muno amene foni imalira katatu pa gemu imodzi, sinditchula mayina, mwamva.

Tsopano kuno kwathu. Vuto la rating ndi loti suingathyole pamtengo. Umaitenga kwa munthu amene ali nayo kale. Dera likakhala lopanda anthu a rating yaikulu, ngakhale uwine aliyense, nambala yako imafika pena n'kuima. Chitsanzo chake chili kwa aneba athu ku Zambia. Amon Simutowe anabadwa mu 1982, anaphunzira chess kwa mkulu wake, ndipo ali ndi zaka 14 anali kale katswiri wa dziko la Zambia. Mu 2000 ku Yerevan anamaliza m'gulu la achiwiri pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse. Kuti munthu akhale Grandmaster pamafunika zinthu ziwiri: kuchita bwino kwambiri pa mipikisano itatu ya akatswiri, komanso kufika pa 2500. Choyambacho Simutowe anachimaliza mu 2007 ku Arnhem, pa mpikisano wotchedwa dzina la Max Euwe yemwe uja. Koma 2500 inamuvuta kwa zaka zina ziwiri, akuyenda dziko ndi dziko kusaka anthu a manambala akuluakulu oti asewere nawo, mpaka mu 2009 pamene anakhala Grandmaster woyamba wochokera kumwera kwa chipululu cha Sahara. Mutu anali nawo kalekale. Chimene chinkasowa pafupi ndi anthu oti akwere nawo pa sikelo.

Ku Malawi chess imayendetsedwa ndi Chess Association of Malawi, imene timangoti Chessam, ndipo timatumiza timu ku Olympiad, monga ku Batumi mu 2018, ku Chennai mu 2022 ndi ku Budapest mu 2024. Grandmaster tilibe. Tili ndi anthu ngati Joseph Mwale, amene ndi FIDE Master, ndi ma Candidate Master angapo. Pa muyeso wa FIDE, akatswiri athu ambiri amagwera m'magulu a ma amateur aja, ndipo si chipongwe, ndi mmene sikelo ikuwerengera. M'gulu limenelo ndi mmene Malawi anapezamo chimodzi mwa zipambano zake zazikulu. Mu 2018 ku Livingstone, mzinda wa pa Victoria Falls ku Zambia, kunachitika mpikisano wa ma amateur wa Africa yonse, ndipo anawina ndi Chiletso Chipanga, Candidate Master wa kuno kwathu. Chipambanocho chinamutsegulira njira ya ku mpikisano wa ma amateur wa dziko lonse, umene chaka chimenecho unachitikira ku Cagliari ku Italy. Ndi mpikisano womwe uja wa Matisons ndi Euwe, utadzukanso.

Kuti mumvetse kulemera kwake, dziwani mmene mipikisano yotere imayendera. Sakhala yochotsana ngati chikho cha mpira. Amatsata njira yotchedwa Swiss, imene inayambira ku Zurich mu 1895: aliyense amasewera ndime zonse, koma ndime iliyonse amakuika ndi munthu amene muli ndi mapointi ofanana. Ukawina, mawa ukumana ndi wina amene wawinanso. Ukamapita kutsogolo msewu umanka nukwera, ndipo pa ndime zomaliza amene wakhala patsogolo pako ndi munthu amene nayenso wagwetsa ambiri kuti afike pamenepo. Palibe kamera za kanema, palibe gulu loimba nyimbo. Anthu awiri amene sabata yamawa abwerera ku ntchito zawo, wotchi, mapepala awiri, ndi maola atatu kapena anayi a chete.

Chaka chomwecho cha 2018 Susan Namangale anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Chessam, mayi woyamba pa udindowo. Atsikana a mu kalabu amene mumati chess ndi ya anyamata, lembani dzina limeneli. Mayiwa adziwika kunja chifukwa chotengera chess kumidzi, m'sukulu ndi m'ndende, ndipo akaidi a kuno asewerapo pa intaneti ndi akaidi a mayiko ena pa mpikisano umene FIDE inayamba mu 2021. Ngati bolodi inalowa m'ndende, zoti ku Thyolo n'kutali sizikumveka.

Maganizo anga pa sikeloyi ndi awiri, ndipo amakokana. Mbali ina ndimaikonda, chifukwa sifunsa kuti bambo ako ndi manijala kapena amathyola masamba. M'dera ngati lathu, limene mbiri yake yonse ndi ya ena m'mabangalo ena m'malaini, chinthu chosayang'ana nkhope n'chosowa. Koma mbali ina, rating imayeza magemu okhawo amene munthu wakwanitsa kukasewera. Mpikisano umafuna thiransipoti, ndalama yolembetsera, chakudya ndi pogona. Mwana wa mu tauni amene amasewera mipikisano isanu pachaka nambala yake imayenda. Wa kuno amene amapita kamodzi, mwinanso osapita, yake imagona pamodzimodzi ngakhale mutu ukukula. Ndiye mukaona munthu wa 1500, musafulumire kunena kuti ndi wofooka. Mwina wangosowa ya minibasi.

FIDE nayo inaona kuti kumunsi kwa mndandanda manambala anatsika mopitirira, makamaka chifukwa cha ana amene amakula msanga kuposa rating yawo n'kumadya mapointi a akuluakulu. Potsatira malangizo a katswiri wa masamu Jeff Sonas, mu March 2024 inakweza onse osafika 2000. Wa 1000 anadzuka ali pa 1400, wa 1500 ali pa 1700, osasewera gemu ndi imodzi yomwe, ndipo malire apansi anabwerera m'mwamba kufika pa 1400.

Amene mukuti muli ndi rating kale pa foni, tiyeni timvetsetsane. Lichess ndi Chess.com ali ndi manambala awoawo, owerengedwa ndi njira ina yotchedwa Glicko, yopangidwa ndi Mark Glickman. Pa Lichess munthu amayambira pa 1500 asanasewere n'kamodzi komwe. Ndi zabwino pophunzirira, ndipo nanenso bandulo yanga imathera komweko, koma arbiter sangakufunseni za nambala imeneyo.

Ya FIDE njira yake ndi iyi. Umafunika nambala yokuzindikiritsa ya FIDE, imene imadzera ku Chessam. Mpikisano uyenera kukhala wolembetsedwa ku FIDE, woyendetsedwa ndi arbiter wa chiphaso, ndipo kwa ife yapafupi imakonda kukhala ku Blantyre. Uyenera kusewera magemu osachepera asanu ndi anthu amene ali kale ndi rating. Sikuti onse pa mpikisano umodzi, amatha kuphatikiza, koma ukaluza onse pa mpikisano woyamba, umenewo sauwerenga. Powerengera nambala yako yoyamba, kuyambira 2024 FIDE imakuwonjezera magemu awiri ongopeka, ngati kuti unafanana mphamvu kawiri ndi munthu wa 1800. Ndiye ukasewera magemu asanu ndi anthu a 1600 n'kupeza mapointi awiri ndi theka, dzina lako lituluka pa mndandanda wa mwezi wotsatira lili ndi 1657 pambali. Zikatsika pansi pa 1400, nambala situluka, ubwererenso.

Magemu asanu ndi mpikisano umodzi wa Loweruka ndi Lamlungu, ngati mwayi wakugwera kuti onse amene wakumana nawo ali ndi rating. Kalabu itakwanitsa kutumiza anthu anayi kapena asanu ku Limbe kangapo mpaka atabwera ndi manambala, otsalafe tingathe kudzayezedwa konkuno, pa mpikisano wathu wolembetsedwa, arbiter yekha ndi mawotchi n'kuchokera kunja. Nkhani ya thiransipoti ya anthu amenewo ndaipempha kuti ilowe pa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndipo amene muli ndi bolodi zosasowa zida mubwere nazo.